Pikapu yakale yomwe lero ikulira, mawa ikungoti "kha"

Mwini Pikapu:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Galimoto ndi pikapu ya 1996, ya petulo, masilinda 4, giya yamanja. Masiku ambiri imalira ukangopotokola kiyi kamodzi. Koma ikayenda ulendo n'kuzimitsidwa kwa mphindi 10 kapena 20, nthawi zina kumangomveka "kha" kamodzi, basi. Nthawi zina ngakhale "kha" ameneyo palibe, kuli zii. Magetsi a pa dashibodi amayaka bwinobwino. Ukadikira theka la ola imalira ngati sinalakwe kanthu. Batire ndi latsopano, la miyezi iwiri. Ndigule sitata ina?

Sipanala 13:
Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Mawu akuti "yakana kulira" amabisa matenda awiri osiyana. Oyamba: sitata siikupukusa injini n'komwe. Achiwiri: sitata ikupukusa bwinobwino koma injini siikugwira moto. Anuwa ndi oyambawo, ndiye mapulagi, pampu ya petulo ndi sefa ya mafuta musazikhudze, zilibe mlandu. Vuto lili pakati pa batire, mawaya akuluakulu awiri, njira yochokera ku kiyi, ndi sitata yeniyeniyo.

Ikadzakananso, musanatenge chida chilichonse, yatsani nyali zakutsogolo, wina aime n'kumaziyang'ana inu mukupotokola kiyi. Zikazimiratu pamodzi ndi dashibodi, pamitu ya batire sipakugwirana bwino. Zikafooka kwambiri n'kumaoneka zofiirira, ndiye kuti moto wambiri ukukokedwa: batire lafooka, kapena sitata yamangika, kapena injini yomwe ndiyo yolimba. Zikapitiriza kuwala osasintha ngakhale pang'ono, moto waukulu sukulowa mu mota ya sitata. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuyembekeza chachitatuchi.

Mwini Pikapu:
Zimenezo ndinaona kale, nyali sizisintha. Koma kugalaja anaiyesa m'mawa yozizira, anati zonse zili bwino.

Wamagetsi:
Sananame, panthawi imeneyo zinalidi bwino. Vuto lobwera n'kupita limayezedwa pomwe lafika, osati pomwe lachoka. Muziyenda ndi mita ya magetsi m'galimotomo, muiike pa 20V DC, ndipo ikadzakana muyeze malo awa wina atagwira kiyi pa START. Giya ikhale pa nyutulo, handibuleki yokoka.

Yambani ndi batire, ngakhale ndi latsopano. Nsonga za mita zigunde pamitu yeniyeni ya mtovu, osati pa zomangira mawaya. Batire lodzaza limene lapuma maola angapo limaonetsa 12.6V. Pa 12.4V latsala pafupifupi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2V latsala theka. Pamene sitata ikupukusa lisatsike pansi pa 9.6V. Injini ikamalira muzipeza pakati pa 13.8V ndi 14.5V, apo ayi otaneta siikudyetsa batire mokwanira.

Kenako pitani ku sitata. Pa solenoid, kachitini kamene kali pamsana pa sitata, pali mabawuti awiri akuluakulu a kopa ndi kawaya kamodzi kakang'ono. Bawuti imene imalandira waya wonenepa wochokera ku batire imatchedwa 30. Kawaya kakang'onoko, kochokera ku kiyi, ndi 50. Bawuti inayo ndi imene imalowetsa moto mu mota. Nsonga yakuda ya mita ikhale pa thupi la sitata, yofiira muyendetse pa malo atatuwa, kiyi ali pa START.

Ngati pa 50 pali 0V, lamulo silikufika: switch ya kiyi, switch ya pa kilatchi (imene imalola sitata kugwira ntchito pokhapokha mwaponda kilatchi), relay (kaswitch koyatsidwa ndi moto wochepa kuti kadutsitse moto wambiri), fyuzi kapena waya. Ngati pa 50 pali moto wokwanira, solenoid yati "kha", pa 30 pali 12V koma pa bawuti ya mota palibe kanthu, ma contact, tizidutswa ta kopa ta mkati mwa solenoid timene timalumikiza mabawuti awiriwo, apsa. Ngati moto wafika mpaka pa bawuti ya mota koma mota ili duu, ndi maburashi (tizidutswa ta kaboni tolowetsa moto) kapena armature (gawo lozungulira la mota).

Kabureta:
Njira yachidule ilipo, akulu. Tengani chitsulo chachitali, mugogode thupi la sitata wina akupotokola kiyi. Ikalira mwadziwa kuti ndi sitata. Kapena mugunditse sikuludiraiva pakati pa 30 ndi 50.

Wamagetsi:
Kugogodako kumathandizadi, a Kabureta, koma kugogoda osati kuswa mtedza. Masitata ambiri a m'zaka za m'ma 1990 kubwera kuno ali ndi maginito omatidwa mkati mwa thupi m'malo mwa makoyilo. Mukamenya ndi hamala mwamphamvu maginito amang'aluka, ndipo sitata imene ikanachira ndi maburashi okha yathera pomwepo. Gogodani ndi chogwirira cha mtengo cha hamala, kawiri katatu. Komanso kugogoda sikukuuzani ngati ndi maburashi kapena ma contact, chifukwa zonse ziwiri zimadzuka zikagwedezeka.

Za sikuludiraiva ndikukana. Pa 30 pali moto wa batire wopanda fyuzi. Chitsulocho chikangokhudza 30 ndi thupi la injini nthawi imodzi, chimawotcherereka pomwepo, ndipo mphete ya pachala kapena wotchi yachitsulo imafiira isanavulidwe. Chinanso, mukadumpha kiyi mwadumphanso switch ya pa kilatchi, ndiye galimoto ikakhala m'giya imanyamuka inu muli kunsi kwake. Pangani waya wa mita imodzi wokhala ndi fyuzi ya 30A pakati. Chotsani kawaya ka pa 50, lumikizani waya wanuwo pamenepo, nsonga inayo mukagunditse pa mutu wa + wa batire mutaima pambali pa galimoto. Sitata ikapukusa mwamphamvu nthawi iliyonse pomwe kiyi akukana, sitata ilibe mlandu, fufuzani kumtunda, m'njira yochokera ku kiyi.

Sipanala 13:
Ndiwonjezere pa nkhani ya "zii" ija, chifukwa imasocheretsa ambiri. Anthu amati solenoid ikapanda kuti "kha" ndiye kuti moto wa kiyi sunafike. Si nthawi zonse. Mkati mwa solenoid muli makoyilo awiri. Imodzi ndi yokoka, yamphamvu, imadya ma amp pafupifupi 30 mpaka 40 kwa kamphindi. Inayo ndi yongogwira, imadya pafupifupi 10. Koyilo yogwirayo ili ndi earth yake, njira yobwezera moto ku batire, pa thupi la solenoid, koma yokokayo earth yake imadutsa mu mota, kudzera m'maburashi. Maburashi akatha, kapena akakanirira m'timabokosi tawo chifukwa cha fumbi la kaboni, koyilo yokoka imasowa njira. Yogwirayo payokha ilibe mphamvu yokoka plunger, chitsulo choyenda mkati mwa solenoid chimene chimagunda ma contact, kuchokera patali. Zotsatira zake: pa 50 pali 12V yathunthu, koma sitata ili chete ngati yosalumikizidwa.

Ndiye pa "zii" muyeze pa 50 musanaweruze. Mukapeza 0V, ndi kumtunda. Mukapeza 12V yosatsika, ndi maburashi kapena koyilo ya solenoid yaduka.

Mwini Pikapu:
Mawaya akuluakulu aja ndinawayeza ndi mita pa ma ohm, anaonetsa 0. Ndiye kuti ali bwino eti?

Wamagetsi:
Ayi achimwene, muyeso umenewo sunakuuzeni kalikonse. Waya wa batire uli ndi timawaya tambirimbiri mkati. Ngakhale tonse titadyeka n'kutsala kamodzi, mita idzaonetsabe 0 chifukwa imatumiza moto wochepetsetsa. Sitata ya injini ya petulo ya masilinda 4 imakoka ma amp 100 mpaka 200. Tiyeni tiwerengere: polumikizira pakakhala 0.01 ohm yokha, imene mita yanu singaione, pa ma amp 150 pamatayika 1.5V. Pakakhala malo atatu otere, sitata ikulandira zotsalira.

Choncho yezani moto wotayika m'njira, waya ali pa ntchito. Chotsani fyuzi ya pampu ya mafuta kuti injini ipukusidwe osalira. Nsonga yofiira pa mutu wa + wa batire, yakuda pa bawuti 30 ya sitata, wina apukuse. Mita ionetse pansi pa 0.5V. Kenako yakuda pa mutu wa batire wa earth (wa −), yofiira pa thupi la sitata, apukusenso. Apa ionetse pansi pa 0.3V. Zikapitirira, yendani ndi nsonga imodzi polumikizira paliponse mpaka mupeze pomwe nambala yalumpha. Polumikizira pamodzi pasadye kuposa 0.1V. Njira ina yopanda mita: pukusani masekondi 10, kenako papasani mosamala polumikizira paliponse. Potentha ndi pomwe pali vuto.

Dziwani kuti muyeso umenewu umagwira ntchito pokhapokha moto ukuyenda. Pa nthawi ya "kha" mota siikukoka, ndiye mawaya adzaoneka angwiro. Uwu muchite sitata ikupukusa.

Malo amene amabisa matenda ndi awa. Pakati pa mutu wa batire ndi chomangira chake pamakhala kachikutu kakuda kopyapyala kamene maso saona ngati dothi. Palani mbali zonse ziwiri mpaka mtovu uwale. Ufa woyera kapena wobiriwira usungunuleni ndi soda wophikira, supuni imodzi m'kapu ya madzi ofunda, osalola kuti alowe m'batire. Chomangira chikamatembenuka ndi dzanja, sichinamange. Kenako pindani waya pafupi ndi chomangira: ukamveka kuti tswatswa kapena watupa pansi pa chikopa chake, asidi analowa ndipo kopa wasanduka wobiriwira mkati. Umenewo ndi wosintha, osati wotsuka. Pomasula batire muziyamba ndi waya wa earth, pomanga muzimalizira womwewo, ndipo fodya akhale kutali chifukwa batire limatulutsa mpweya wa hydrogen.

Sipanala 13:
Musaiwale lamba wa earth wochoka pa injini kupita ku chasisi. Injini imakhala pa mphira, ndiye moto wonse wa sitata umabwerera kudzera pa lamba ameneyo. Akadyeka, moto umafuna njira ina, n'kumadutsa mu kebulo ya kilatchi, ya akiseleta kapena ya sipidomita. Kebulo imene yasungunuka chikopa kapena yayamba kulimba popanda chifukwa ikuloza kumeneko. Kuyesa kwake n'kwa mphindi imodzi: tengani waya mmodzi wojampira, mbali ina pa mutu wa earth wa batire, inayo pa bawuti yoyera ya injini. Kupukusa kukasintha, mwapeza.

Mwini Pikapu:
Nanga n'chifukwa chiyani imachita zimenezi ikatentha yokha?

Wamagetsi:
Injini ikazimitsidwa, fani ndi madzi zimaima, mphepo ya pamsewu palibenso, ndiye kutentha kwa ekizozi kumakhazikika pa sitata. Kopa akatentha amakaniza moto kwambiri, pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Solenoid ikachoka pa madigiri 20 kufika pa 100, makoyilo ake amakaniza moto kuposa kale ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo mphamvu yokoka imatsika. Pa galimoto yatsopano zimenezi sizioneka chifukwa pa 50 pamafika moto wokwanira. Pa ya zaka zambiri, moto umachoka ku batire, kudutsa fyuzi, kulowa m'kabini, kudutsa switch ya kiyi yotha, mapulagi a mawaya angapo adzimbiri, n'kubwerera ku sitata utatsala 9V kapena 10V. Yozizira imakwanitsa movutikira, yotentha imalephera. Onaninso ngati chitsulo chotchinga kutentha pakati pa ekizozi ndi sitata chilipo. Chimachotsedwa kawirikawiri pokonza kilatchi, osabwezedwanso.

Wa Sedani:
Pepani ndilowerere. Ya otomatiki nayo ndi chimodzimodzi? Komanso pali ina imene ikatentha imapukusa mwamphamvu koma osalira, mpaka izizire.

Mayi Dizilo:
Pa otomatiki, bambo, pali switch imene imalola sitata kugwira ntchito pa P ndi pa N pokha. Ikakana pa P, pondani buleki, ikani pa N muyesenso, kapena gwirani kiyi pa START mukugwedeza ndodo ya giya pang'onopang'ono. Ikalira, switch imeneyo yatha kapena kebulo ya giya yasuntha. Zina zonse n'zofanana ndi zimene anena anzathuwa.

Yopukusa osalirayo ndi nkhani ina. Yambani ndi khutu: potokolani kiyi mpaka pa ON, osafika pa START, mumvetsere kuthanki. Pa magalimoto ambiri pampu imang'ung'udza masekondi awiri n'kusiya. Pali ena, kuphatikizapo a Toyota akale, amene pampu imayamba pokhapokha injini ikupukusidwa, ndiye kusamveka kokha si umboni. Sinthanitsani relay ya pampu ndi ina yofanana nayo ndendende m'bokosi la mafyuzi, monga ya hutala. Ma Honda a m'ma 1990 amadziwika ndi main relay ya pansi pa dashibodi: mtovu wowotcherera umang'aluka timizere tozungulira miyendo, m'kabini mukatentha relay imasiya, mukazizira imagwiranso. Imachira pongowotchereranso.

Kenako moto wa mapulagi. Ikani pulagi yapadera pa waya wa pulagi, thupi lake ligone pa chitsulo cha injini, musaigwire ndi manja, wina apukuse. Moto ukhale wabuluu, wothetheka. Ngati palibe, yang'anani muvi wa rev, woonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini, pomwe mukupukusa. Pa magalimoto ambiri umanjenjemera pang'ono. Ukagona osasuntha, kompyuta siikuona kuti injini ikuzungulira. Sensa ya crank, kapena pickup ndi igniter, tizipangizo toyambitsa moto wa mapulagi ta mu distributor, ndi zimene zimakonda kufa zikatentha n'kudzuka zikazizira. Sensa ya mawaya awiri muiyeze ma ohm yozizira, kenako muitenthetse ndi makina oumitsira tsitsi mita ili pomwepo. Nambala ikalumpha kapena kuzimiririka, waya wa mkati ukuduka ukafufuma.

Ngati moto ulipo ndipo ku ekizozi kukununkha petulo, yamwa mafuta ambiri. Pondani akiseleta mpaka pansi mupukuse. Makompyuta ambiri akaona zimenezo amadula mafuta. Ikalira ndi utsi wakuda, pali injector yodontha, kapena sensa ya kutentha kwa madzi ikunamiza kompyuta kuti injini ndi yozizira. Sensa zambiri zotere zimaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, ndi pafupifupi 300 pa madigiri 80.

Pa dizilo yakale ya pampu yozungulira, yang'anani solenoid yodula mafuta imene ili pa pampupo. Kiyi akakhala pa ON imafunika 12V ndipo imamveka "ke". Kawaya kake kakakhwepa, injini imapukusa tsiku lonse popanda ngakhale utsi. Yovuta m'mawa mokha n'kumatulutsa utsi woyera ndi ma glow plug, mapulagi otenthetsa a dizilo, iliyonse ionetse pafupifupi 1 ohm. Yovuta ikagona usiku n'kumalira mukapopa pa sefa ndi mpweya wolowa m'mapaipi. Ikani kapaipi koonekera mkati musanafike pa pampu, muona thovu.

Kabureta:
Amayi mwaiwala phokoso lachitatu. Sitata ikamangoti "wiii" yokha injini osazungulira, bendix, giya yaing'ono ya sitata, ikuterera. Ikamakukuta ngati ikutafuna miyala mwa apo ndi apo, mano a flywheel, gudumu la kumbuyo kwa injini limene sitata imazunguza, adyeka. Injini ya masilinda 4 imakonda kuima pa malo awiri omwewo, ndiye mano a pamenepo ndi amene amatha. Ikani giya 4, kankhani galimoto pang'ono kuti flywheel isunthe, bwezani pa nyutulo muyesenso. Ikagwira bwino, chotsani sitata muwunike mano pabowopo mukuzunguza injini ndi sipanala.

Mayi Dizilo:
Mwanena zoona. Ndipo ikati "gu" n'kuima, nyali n'kufooka, musakakamize kapena kuikankha. Zunguzani injini ndi sipanala pa bawuti ya pule yakutsogolo. Ikakana, chotsani mapulagi. Madzi akalowa mu silinda usiku kudzera pa gasiketi yopsa, kukakamiza kumapinda con rod, ndodo yolumikiza pisitoni ndi crank.

Mwini Pikapu:
Akuluakulu, ndabwera ndi manambala. Yozizira: batire 12.6V, popukusa 10.4V, wotayika ku + ndi 0.3V, ku earth 0.2V. Yotentha itati "kha": pa 30 panali 12.2V, pa 50 panali 9.1V, pa bawuti ya mota 0.4V. Tsiku lina itati zii, pa 50 panali 0V, koma nditakankhira kiyi mkati n'kumugwedeza, inapukusa.

Wamagetsi:
Manambala amenewa alankhula. Batire ndi mawaya akuluakulu zili bwino, zisiyeni. Matenda ndi awiri. "Zii" uja ndi switch ya kiyi: gawo la magetsi lili kumbuyo kwa loko, lomangidwa ndi timasikuluwu kapena timano, ndipo pa magalimoto ambiri limasinthidwa palokha, kiyi n'kukhala yemweyo. Mulu wolemera wa makiyi uchoke pamenepo. "Kha" uja ndi ma contact: plunger yafika, koma moto sunawoloke kuchoka pa 30 kupita ku mota. 0.4V mwaionayo ndi kamoto kodutsa mu koyilo yokoka, ndipo zikusonyeza kuti maburashi akadali ndi njira. 9.1V ya pa 50 ndi yochepa, ndipo ndi imene yafulumizitsa kupsako, chifukwa plunger yofika mofooka imagunda ma contact mosakhazikika n'kumathetheka moto.

Ngati sitata yanu ndi ya kampani ya Denso, yokhala ndi chivundikiro cha timabawuti titatu kumbuyo kwa solenoid, simufunika sitata ina. Masulani earth ya batire, tsitsani sitata, tsegulani chivundikirocho, solani plunger mosamala kuti sipuling'i isagwe. Muona tizidutswa tiwiri ta kopa tokhota, chilichonse pa bawuti yake. Cha mbali ya batire chimadyeka kwambiri n'kukhala ndi sitepe yakuya, ndiye mbale ya plunger imagunda chimodzi chokha. Sinthani zonse ziwiri pamodzi ndi plunger. Kupala ndi sandipepala kumangokugulirani milungu yochepa. Pitani ndi zakalezo pogula, chifukwa zilipo za maonekedwe angapo. Jambulani dongosolo la mawashala ndi timapulasitiki totchinga musanamasule, chifukwa kamodzi kakasowa bawuti imakhudza thupi la solenoid.

Kabureta:
Kapena angoika batani pa dashibodi, waya wolunjika ku 50, nkhani yatha.

Wamagetsi:
Batani limadumpha switch ya pa kilatchi, ndipo lingakanikizidwe injini ikulira, mano n'kuphwanyika. Akasintha switch ya kiyi ayezenso pa 50 injini ili yotentha. Kusiyana ndi batire kukhale kosapitirira 1V. Kukapitirira, aone ngati galimotoyo ili kale ndi relay ya sitata, chifukwa zambiri za zaka zimenezo zili nayo. Ikhoza kukhala yopsa kapena miyendo yake yadzimbiri. Ngati ilibe, aike ya miyendo 4, ya 40A, pafupi ndi batire komanso kutali ndi ekizozi. Mwendo 30 upite ku + ya batire kudzera pa fyuzi ya 30A yoikidwa pafupi ndi batirelo, 87 upite ku 50 ya sitata, 86 ulandire kawaya kakale kochokera ku kiyi, 85 upite ku earth. Waya wa pa 30 ndi 87 ukhale wa 2.5 mm² kapena kuposa. Mukatero switch ya kiyi imangonyamula moto wa koyilo ya relay, wosakwana theka la amp, ndipo zotetezera zonse zimagwirabe ntchito.

Sipanala 13:
Chimodzi pa ma contact aja, achimwene. Pomanga nati ya kunja, chidutswa cha kopa chimafuna kutembenuka limodzi ndi bawuti, ndipo chikapendekeka ngakhale pang'ono plunger imagunda pakona, "kha" n'kubwerera pasanathe mwezi. Chipanikizeni pansi ndi kathabwa kuti chigone fulati pomwe mukumanga. Mukatha, ikani plunger, muikanikize ndi chala n'kuizunguza: isagwedere, ndipo pa zidutswa zonse ziwiri paoneke mzere wowala wofanana. Girisi asafike pa kopapo. Musanaikweze pa injini, igwireni mu vaisi, waya wojampira wakuda pa thupi, wofiira pa 30, mugunditse 50 ndi waya wa fyuzi uja kokwana 10 motsatizana, ndipo nthawi iliyonse giya yaing'ono itumphe n'kuzungulira.